Mafayilo 32 a Nachisale

Mayi Lidia Nachisale anamwalira Loweruka pa 2 Ogasiti 2025, kutatsala masiku khumi ndi asanu ndi atatu kuti akwanitse zaka 37 ali pabanja ndi a Festus Chimdzeka. Mwana analibe. Zaka zonsezo a Festus anakhala chikamwini kwa Dzoole, m'nyumba ya njerwa zootcha imene anamanga ndi malipiro awo a uphunzitsi, koma pamalo a kuchikazi. Aliyense m'mudzimo ankadziwa chotsatira. Mkamwini wopanda mwana, mkazi akapita, amasudzulidwa n'kubwerera kwawo. Tsiku analiika a Yosefe, mlongo wawo wa malemu, amene anali mwini mbumba: Loweruka pa 25 Okutobala.

Za nyumbayo a Festus sanatsutse. Anamanga akudziwa kuti dothi si lawo. Chimene chinkawadya mumtima chinali m'kati mwa laputopu yakuda imene inkakhala pa tebulo la pabalaza, yofunditsidwa kansalu koluka.

Laputopuyo inali ya kaunjika, yopangidwa mu 2013. A Nachisale anaigula ku Lilongwe mu Malichi 2018 atagulitsa nkhumba ziwiri, kuti azilembera makalata a amayi a Chigwirizano, poti anali mlembi wawo. Choncho inali katundu wa malemu, ndipo katundu wa malemu ndi wa mbumba.

A Festus anayamba kuigwira mu 2019 atapuma pantchito. Ankafuna kulemba mbiri ya sukulu imene anaphunzitsapo zaka 21, ndipo anaganiza zojambula mawu a nkhalamba zimene zinaona sukuluyo ikumangidwa. Anawathandiza ndi Tadala, mwana wa a Lines, mng'ono wawo wa a Nachisale. Tadalayo anawaikira pulogalamu yojambulira mawu. Poona kuti bambo ake aakuluwo ankasochera pofuna mafayilo awo, anawaikira kachizindikiro kachikasu pagalasi penipeni, n'kukalemba kuti MAWU.

"Musamavutike kufunafuna, bambo," anatero. "Mukangodina apa kawiri, zonse zikutsegukirani."

Nkhalamba anajambula zisanu ndi zinayi. Bukulo linathera pa tsamba 14. Mafayilo ena onse, 32, anali a Nachisale.

Zinayamba ngati kuyesa makina. Monga mphunzitsi amene kwa zaka zambiri ankayamba ndi kulemba deti pabolodi, a Festus ankayamba fayilo iliyonse mofanana. Yoyamba inkati: "Lero ndi Lachiwiri pa 11 Juni 2019. Yankhulani, mayi." Kenako a Nachisale, akuseka: "Ndiyankhule chiyani? Mwasanduka a wailesi tsopano? Ndisiyeni ndikusenda mtedza ine."

Koma anazolowera, mpaka anayamba kuzikonda. Chitseko chikatsekedwa, mlembi wa Chigwirizano uja, amene kutchalitchi sankaonetsa dzino, ankasanduka munthu wina. Ankatsanzira pemphero la a Lines, mmene amakokera mawu akamanena za akazi amasiye kwinaku akusuzumira mbale za anzawo. Ankatsanzira chifuwa chimene a Yosefe amatsokomola asananene bodza. Mu mafayilo anayi anaimba nyimbo za kuchinamwali zimene anaphunzira asanalowe kalasi ya mpingo, nyimbo zoti munthu wovala yunifolomu yoyera sayenera ngakhale kuzidziwa, ndipo mu imodzi mwa mafayilowo ankawaitana amuna awo ndi dzina limene palibe wina analimvapo. Fayilo yomaliza inali ya pa 19 Julaye 2025. Mawu anali atachepa. Ankangonena pamene anasunga singano, mbewu ya mtedza ndi makadi a kuchipatala, n'kumaliza ndi kuwadzudzula a Festus kuti tiyi amamuphula asanawire.

Chimalizireni maliro, tsiku lililonse 2 koloko masana, batire la sola litadzaza, a Festus ankatseka chitseko n'kumvera fayilo imodzi. Imodzi yokha. Ankatsitsa mawu, koma nyumba ya a Lines inali pafupi, ndipo a Lines anali ndi chizolowezi chothyola masamba a chisoso kuseri kwa zenera la anzawo.

"Alamu," anatero a Lines tsiku lina a Festus akutuluka, "akulu anga tinawaika pa 4 Ogasiti. Dothi ndinaponya ndi dzanja langa ili. Ndiye amene akuseka m'nyumba mwanumu masana onsewa ndani?"

"Ndi wailesi, alamu."

"Wailesi imene imatchula dzina langa?"

A Lines anagwedeza masamba aja m'lichero, n'kupita akuimba nyimbo ya kutchalitchi.

Lamulungu pa 19 Okutobala Tadala anabwera kuchokera ku Madisi, kumene ankaphunzitsa za makompyuta pa sekondale yoyendera. Anali ndi zaka 28. Anthu atatuluka m'tchalitchi anakhala pakhonde la a Yosefe, ndipo a Yosefe anatsokomola n'kulengeza kuti laputopu idzapita kunyumba kwa a Lines, kuti azilembera makalata a kalabu ya alimi ndi kuonerapo mafilimu.

Tadala anati izo n'zabwino, koma makinawo afunika kuwakonza kaye. Anafotokoza pang'onopang'ono, ngati ali m'kalasi. Windows 10 imene inali m'menemo eni ake anasiya kuisamalira Lachiwiri lapitalo, pa 14. Yatsopano singalowe m'makina akale chotere. Kuyatsa kokha kunkatenga mphindi zisanu ndi zinayi, ndipo fulashi iliyonse yochokera ku Mponela inkabweretsa matenda ake.

"Ndiikamo Linux," anatero. "Ndi yaulere, sagulitsa. Anthu a m'mayiko ambiri amailemba pamodzi, ndipo aliyense akhoza kuona mmene anaipangira. Kusukulu kwathu ndaika m'makompyuta khumi ndi awiri amene anali atatayidwa m'sitolo, onse akugwira ntchito. Kulemba kalata, kuonera filimu, intaneti, zonse zimatheka."

"Chaulere chimakhala chabwino?" anafunsa a Yosefe.

"Mvula mumagula, malume?"

Anthu anaseka. Tadala anatembenukira kwa a Festus.

"Koma bambo, ndikaika, zonse zimene zilimo zifufutika. Mundiuze zofunika ndikukopereni."

A Festus asanatsegule pakamwa, a Lines analowapo.

"Akopere? Katundu wa malemu amatuluka m'mudzi muno mobisa chiyambire liti? Mbale tiyala pamphasa, nsalu tiyala pamphasa. Zimene zili m'makinamo nazonso ziyalidwe. Chimene alamu akufuna kutenga, tichimve kaye tonse. Abusa adzakhalapo, amayi a Chigwirizano adzakhalapo. Ngati ndi mapemphero, tidzanena ameni."

A Yosefe anavomereza ndi mutu. Unali mwambo, ndipo panalibe pougwira. Pa tsiku losudzula, chilichonse cha m'nyumba chimaonekera poyera, kuti mawa wina asadzanene kuti mkamwini anapita ndi chuma cha eni.

A Festus anaona amayi aja m'maganizo mwawo, atakhala mizere pamkeka ndi mipango yawo yoyera, akumva mlembi wawo akuimba nyimbo ya kutsimba. Amayi omwewo ananyamula nkhata za maluwa pa maliro, ndipo abusa anati a Nachisale anali chitsanzo cha mudzi wonse.

"Ndiganiza," anatero.

Anaganiza masiku atatu. Lachinayi pa 23 anapalasa njinga mpaka ku Mponela. Sanauze munthu. Pa kasitolo ka mafoni pafupi ndi siteji ya minibasi anagula fulashi yofiira, yaing'ono ngati chala cha mwana, ndipo anafunsa wogulitsayo kawiri mmene amakoperera.

"N'zosavuta, madala. Mwailowetsa, mwagwira chinthu chanucho, mwachikokera m'fulashi. Basi."

Anafika kunyumba dzuwa likadali pamutu. Anatseka chitseko ndi zenera. Anadikira mphindi zisanu ndi zinayi zija, analowetsa fulashi, anagwira kachizindikiro kachikasu ka MAWU n'kukakokera m'fulashimo. Sipanathe ngakhale sekondi. Anadabwa kuti zaka zisanu ndi chimodzi za mawu zingasamuke msanga chotero, ndipo poti anali munthu wosakhulupirira chinthu asanachiyese, anatsegula fulashiyo n'kudina kachizindikiroko kawiri. Mafayilo onse 41 anaonekera. Anawerenga ndi chala pagalasi. Anatsegula ya nambala 7, a Nachisale n'kuyamba kutsanzira chifuwa cha a Yosefe. Anachotsa fulashi, anailowetsanso, anayesanso. Zinatsegukanso.

Anaikulunga m'kansalu kopukutira magalasi, n'kuibisa pansi m'kabokosi ka magalasiwo. Tsiku limenelo anadya bwino, koyamba chichokereni pa maliro.

Lachisanu madzulo Tadala anawapeza kuseri kwa nyumba akumanga mabuku m'makatoni. Anagwada pang'ono patali, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Bambo, amayi apita kuchigayo. Ndipatseni laputopu kwa theka la ola. Ndikopera zonse m'foni mwanga, palibe amene adziwe. Ndidzakutumizirani ku Ntchisi."

A Festus anamuyang'ana. Mwanayu anamuphunzitsa okha kuwerenga, pakhonde lomweli. Koma nkhope inali ya a Lines, mphuno yomweyo, ndipo foni yake inkagona m'nyumba ya a Lines, mmene a Lines ankaitenga nthawi iliyonse kuti aone zithunzi. Mwana ndi wa mbumba. Zaka 37 za chikamwini zinawaphunzitsa zimenezo, kuti chimene wauza mmodzi wa iwo wauza onse.

"Mulibe kanthu m'menemo, mwanawe."

"Bambo, mawu a amayi aakulu aja?"

"Ndinafufuta kalekale. Unali mchezo chabe."

"Mukunena zoona?"

"Ndayamba liti kunama kwa iwe?"

Tadala ananyamuka n'kukawathandiza kumanga katoni.

Loweruka anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa mango 9 koloko m'mawa. Kuchimuna kunabwera Samueli yekha, mwana wa mlongo wawo wa a Festus, atabwereka kagalimoto ka matola. Mikeka itatu inayalidwa, ndipo katundu anatuluka chimodzichimodzi: mapoto, mbale, nsalu 26, makina osokera, mipando inayi, makasu, matiresi awiri. A Lines ndiwo ankanyamula chilichonse m'mwamba kuti anthu aone. Anafika mpaka pa zovala za m'kati za malemu, zimene mayi wina wa Chigwirizano anawalanda msanga n'kuzibisa m'thumba. A Festus anapatsidwa njinga, wailesi, matiresi amodzi, mabuku awo, khasu, poto mmodzi ndi mbale ziwiri.

"Mbale ziwiri," anatero a Lines mokweza, "poti mwina kwawoko akapeza wina wowaberekera."

Ena anaseka. Ena anayang'ana pansi.

Pomaliza inatuluka laputopu. Tadala anaiika pampando, anakoka chingwe kuchokera ku batire, n'kulowetsa fulashi yake yakuda. A Yosefe anatsokomola.

"Alamu, mwamva lamulo. Ngati muli kanthu kanu m'menemu, nenani timve tonse, mutenge."

A Festus anakhudza thumba la jekete, mmene munali kabokosi ka magalasi.

"Mulibe changa."

"Ngakhale wailesi ija yotchula mayina a anthu?" anafunsa a Lines.

"Mulibe."

A Lines anakhumudwa, zinaonekera pankhope. Anali atadikira sabata yonse kuti amve, ndiponso kuti anthu amve. A Festus anaona zimenezo ndipo mumtima munawakomera. Anali atawapambana eni mudzi pa bwalo lawo lomwe, koyamba ndi komaliza.

Tadala anadina apa ndi apo. Kenako anaima n'kuwerenga mokweza, akumasulira m'Chichewa.

"Makina akufunsa. Akuti chilichonse chimene chili m'kati muno chifufutidwa: makalata, zithunzi, nyimbo, mawu. Akuti mukavomera, simungabwezenso. Bambo, ndikufunsaninso."

"Adine okha," anatero a Lines. "Mawa asadzanene kuti mwana wanga anawaonongera zinthu."

A Festus anadzuka pamkeka, anakonza jekete, anawerama pampandopo. Tadala anawalozera. Anadina ndi chala chimodzi, mwamphamvu, ngati akuika chidindo pa lipoti la mwana wa sukulu. Nthawi inali 11:52.

Ntchitoyo inatenga mphindi 23. Pamene kamzere kankayenda pagalasi, a Yosefe ananena mawu a mwambo. Anathokoza mkamwini chifukwa chosunga mlongo wawo mpaka tsiku lomaliza. Anati kuyambira lero ndi womasuka, akhoza kukwatira kulikonse, mudzi ulibe naye chifukwa. Anthu anaomba m'manja pang'ono. Kenako makina anazima okha n'kuyakanso, ndipo Tadala anawerenga pa wotchi yake: masekondi 40. Galasi linawala ndi mtundu wobiriwira, loyera, lopanda kachizindikiro kachikasu. Apa anthu anaomba m'manja kwambiri, wina mpaka kululutira.

"Yabadwanso," anatero a Yosefe.

Pofika 2 koloko, a Festus anali kumbuyo kwa galimoto pamwamba pa matiresi, akukwera mapiri kulowera ku Ntchisi.

Samueli anawapatsa kachipinda kuseri kwa nyumba yake, kufupi ndi Chinthembwe, mmene kale ankasungiramo fodya. Fungo linali lidakalipo. Kompyuta kunalibe, koma a Festus sanafulumire. Ankatsegula kabokosi m'mawa uliwonse, n'kuona kafulashi kofiira kali pamalo pake, n'kutsekanso. Anali atamva kuti wailesi yawo imalandira memore khadi, ndipo ku boma kuli anthu amene amasamutsa mawu kuchoka m'fulashi kupita pa khadi. Anadikira kuti amalize kugalauza kamunda kamene anapatsidwa, poti mvula inali pafupi.

Anapita Lolemba pa 10 Novembala. Malo obenera nyimbo anali kanyumba ka malata pafupi ndi msika, ndi masipika awiri aakulu oyang'ana kumsewu. Mwini wake, bambo wadazi dzina lake Kalisto, ankadya chimanga chootcha. Makasitomala atatu anali atakhala pabenchi.

"Achimwene," anatero a Festus motsitsa mawu, "muyambe mwazimitsa masipikawo. Zimene zili m'menemu si za anthu."

"Eee, madala! Pa msinkhu umenewu?" Kalisto anatsinzinira a pabenchi aja, onse n'kuseka. Koma anazula chingwe cha masipika, n'kulowetsa fulashi.

Anayang'ana pagalasi. Anadina kawiri. Panatuluka kabokosi ka mawu a Chingerezi. Anadinanso.

"Mulibe kanthu umu."

"Muli mafayilo 41. Ndinawerenga ndekha."

"Muli kanthu kamodzi, madala, ndipo kulemera kwake sikufika ngakhale pa chithunzi chimodzi. Onani apa. Kameneka si foda. Mukuona kamuvi kali pakonapa? Ndi kolozera chabe. Kamauza kompyuta kuti zinthu zili pakutipakuti. Zinthu zenizenizo zinatsala m'kompyuta imene munachotsamo."

"Koma ndinayesa. Zinatseguka. Kawiri konse."

"Munayesera pa kompyuta yomweyo?"

A Festus anavomera ndi mutu.

"Ndiye zikanalephera bwanji? Munazula chikwangwani cha pamsewu n'kubwera nacho, nyumba munaisiya komweko." Kalisto analuma chimanga. "Osadandaula. Pitani mukakopere bwino. Kompyutayo ili kuti?"

A pabenchi aja anali akusekabe za chikwangwani pamene a Festus ankatuluka. Anaiwala fulashi, ndipo Kalisto anachita kuwathamangira nayo.

A Festus anakhala pa mwala kuseri kwa msika n'kuimbira Tadala. Anafotokoza zonse mwadongosolo, ndi madeti ake, ngati akupereka lipoti kwa woyendera sukulu.

"Bambo, ndinakufunsani katatu."

"Unandifunsa."

"Kachizindikiro kaja ndinaika ndine. Mverani. Nthawi zina zofufutidwa zimatsalira pansi, ngati mizu ya chimanga m'munda wolimidwa. Pali pulogalamu yofukula. Koma chilichonse chatsopano chimene chikulowa m'makinamo chikukhala pamwamba pa zakalezo n'kuziphwanya. Laputopuyo izimitsidwe lero lomwe, asaigwirenso mpaka ndibwere. Ndiwaimbira amayi pompano."

Anawaimbiradi. Ndipo pofuna kuti amayi ake amvetse kufunika kwake, anawauza zoona zonse: kuti m'makinamo munali mawu a amayi aakulu, kuti bambo anayesa kuwatenga pa fulashi koma zinakanika, ndi kuti mafilimu atsopano akhoza kupha zotsalazo.

Tsiku lotsatira a Lines anakwera kabaza kupita ku Mponela, laputopu ili m'chikwama. Anakaipereka pa malo obenera mafilimu n'kunena kuti aidzaze. Mnyamata wa pamalopo anafunsa kuti angati. Iwo anati mpaka ikane yokha.

A Festus anamva zimenezi kwa a Lines eni ake. A Lineswo anawaimbira Lachitatu, ulendo woyamba kuimba foni ku Ntchisi.

"Alamu, mwadzuka bwanji kumapiriko? Ndamva kuti munaba katundu wa malemu pamaso pa abusa, n'kunama kuti mulibe chanu. Ndiye Mulungu wakuonani. Ife kuno tili bwino. Makina aja akuthamanga, simungakhulupirire. Mafilimu 212. Dzinja lino sitisowa chochita."

"Anali akulu anu, alamu."

"Eya, anali akulu anga. Anga. Inu munangobwereka."

Tadala anapeza mpata wopita kwa Dzoole pa 29 Novembala, ndipo laputopuyo anachita kuilanda, amayi ake akumutukwana mpaka pamsewu. Ku Madisi pulogalamu yofukula ija inayenda masiku awiri. Loweruka pa 6 Disembala anakwera minibasi, kenako njinga yamoto, n'kufika kwa Samueli nsapato zili matope okhaokha.

Anakhala pa mpando m'kachipinda konunkha fodya kaja, laputopu ili pamiyendo. Sanafune tiyi.

"Ndapeza zinthu 3,000 ndi kuposa, bambo. Pafupifupi zonse ndi zidutswa za mafilimu. Pali makalata asanu ndi awiri a Chigwirizano. Pali tsamba 9 la buku lanu. Za mawu ndapeza kachidutswa kamodzi. Masekondi asanu ndi limodzi."

"Tsegula."

Anadina. Mawu anatuluka omveka bwino, opanda phokoso, a munthu wokhuta amene wakhala pabalaza pake.

"Lero ndi Lachinayi pa 4 Febuluwale 2021. Yankhulani, mayi."

Basi.

A Festus anaidziwa fayiloyo. Inali ya nambala 16. Tsiku limenelo kunkagwa mvula, a Nachisale ankasoka diresi la buluu, ndipo anayamba ndi kuseka asananene kanthu. Anayesa kukumbukira kusekako. Anakumbukira kuti kunkayambira pansi n'kukwera, koma kumveka kwake sikunabwere.

"Bwerezanso."

Tadala anabwereza. A Festus anawerama mpaka khutu kukhudza makinawo.

"Kumapetoko. Wamva? Pali wina akukoka mpweya."

Tadala anamvera kachitatu, kachinayi. Anatsegula chithunzi cha mawuwo pagalasi, timizere tokwera ndi totsika, n'kukuza kumapeto kwake. Anali mphunzitsi, mwana wophunzitsidwa ndi mphunzitsi, ndipo sankadziwa kunama pa zinthu zooneka.

"Ndi inuyo, bambo. Mukumaliza mawu anu."

Foni yake inalira. Anali amayi ake, ndipo mawu awo ankamveka chipinda chonse. Ankafunsa ngati makina awo afika lero, poti anthu anasiyira filimu pakati.

A Festus anatulutsa kabokosi ka magalasi, anamasula kansalu, n'kupereka kafulashi kofiira.

"Ikamo."

Tadala anakoperamo kachidutswa kaja, n'kukakoperanso pa memore khadi imene anabwera nayo.

"Kameneka ndi kenikeni, kapena n'chikwangwani chinanso?"

"N'kenikeni, bambo."

A Festus anamuperekeza mpaka pamsewu, n'kumuuza kuti apereke moni kwa onse.

Wailesi ya a Festus ikamaliza zimene zili pa khadi, imabwerera yokha poyambira. Tsiku lililonse 2 koloko masana amatseka chitseko cha kachipinda kaja. Mkazi wa Samueli, amene khitchini yake ili pafupi, anapirira sabata ziwiri, kenako anafunsa mwamuna wake kuti malume akulamula ndani kuti ayankhule, kambirimbiri chotere, ndipo n'chifukwa chiyani munthuyo sakuwayankha.